Ovina Osadziwika

Kuno kunsi kwa laibulale ya yunivesite, ku Chichiri,
magule amagona m'makatoni.
Tchopa ali pa shelefu yachitatu, pambali pa manganje,
beni ndinam'manga ndi chingwe cha nsapato
poti mphira unatha chaka chatha.
Pachitseko ndinamata ndekha pepala:
Chonde, musachite phokoso.

Lachiwiri, chiperoni chitameza phiri la Soche,
kunabwera mkulu wina wa ku Bangwe, Che Malikebu,
jekete lili chonyowa,
ndodo yawo mtengo wa ambulera yomwe nsalu inatha kalekale.
Akuti mdzukulu wawo anawauza
kuti ife kuno timasunga anthu.

Ndinawaikira tepi imene nkhungu inadya theka.
Khadi lake limati: Beni, Limbe, ovina osadziwika.
Chithunzi chinanjenjemera, kenaka mzere wa amuna
m'makabudula a khaki,
pachifuwa mamendulo a zitsekerero za mabotolo.

"Osadziwika kwa yani?" anatero.
"Uyo ndi Ajibu, ankapaka girizi kunjanji.
Wa wenzuloyo ndi Sumaili, anapita nayo kumanda ngongole yanga.
Wamtaliyo, amene akuphonya sitepeyo..."
Anavula magalasi, kupukuta, kupukutanso.
"Ndinali ndi chithupsa kuchidendene tsiku limenelo."

Basi magetsi anathima, monga mwa masiku onse.

Mumdimamo ndinamva nsapato ikugunda simenti,
kawiri, kupuma, katatu,
ndodo ikuyankha m'malo mwa ng'oma.
Sitepe imene inaphonyeka ine ndisanabadwe
anaikonza pomwepo, popanda kamera,
mboni ine ndi mphemvu za m'katoni ya chimtali.

Sindinawalozere pepala la pachitseko.

Atapita ndinayatsa tochi ya foni,
ndinafufuta mawu aja, ndi pensulo ndinalemba mayina asanu ndi awiri.
Lachisanu ndi chitatu akuti lawathawa,
abwera nalo akalipeza, ngati mwendo ulola.

Fomu yathu ili ndi danga la chaka,
la malo, la mtundu wa gule, la nambala ya bokosi.
Ilibe polemba kuti fumbi la pansi pa tebulo langa linadzuka,
kapena kuti madzulo, podikira minibasi pa Ginnery Corner,
kondakitala akukuwa za Ndirande,
phazi langa lamanzere linkawerenga lokha m'matope:
kawiri, kupuma, katatu.