Kaundula wa Zouluka

Ku Ngabu dzuwa silituluka, limachita kugwera pamutu.
Masana ndimapalasa kabaza,
usiku ndine mlembi wa tizilombo topanda mayina.

Timapachika nsalu yoyera pa msawu kuseri kwa sukulu,
Fulukiya n'kuyatsa tochi ya sola,
basi tidikire.
Odutsa amafunsa, kodi kwagwa zovuta?
Ayi, tikuwerenga akadziwotche.
Amaseka mpaka kugwira nthiti.

Amafika mmodzimmodzi, mosaodira:
uyu wa mapiko a khungwa louma,
uyu wadzola phulusa,
winayu ali ndi maso awiri kumsana, akutiwerenga ifeyo.
Zuze amajambula ndi foni yong'aluka galasi,
ine ndimalemba tsiku, ola, ndi kochokera mphepo.

Kope loyamba linapita ndi madzi osefukira.
Zaka ziwiri zathunthu!
Tinalipeza m'bango litasanduka phala.
Fulukiya sanalire, anakatenga lina pangongole kwa Mizeki.

Bambo anga amapopera thonje Lachiwiri.
Lachitatu m'mawa ndimatola agulugufe achikasu m'mizere,
opepuka kuposa tikiti ya basi.
Sindiwatsutsa bambowo.
Mbozi zikadya thonje, fizi ya mlongo wanga ichokera kuti?
Ndinangowapempha kachigawo ka kumalire,
ka chisoso ndi denje,
kuti pampu isamafikeko.
"Zachibwana," anatero, nalavula.

Dzulo ndawapeza ataima pomwepo,
pampu ili kumsana, thukuta lili chuchuchu,
chala m'malere, milomo ikugwedera.
"Khumi ndi atatu," anatero osandicheukira.
"Ukudikira chiyani? Lemba."