Lachinayi, pa Nsanjika Yachitatu

Ndimamumva asanafike:
nsapato zake pa masitepe amiyala,
makumi anayi ndi awiri; ndinawawerenga kale
pamene ndinkatha kuwatsika.
Kunja mvula ya ku Glasgow ikuwaza ngati yokakamizidwa,
ndipo Morven Baird, namwino wa dera lino,
akukutumula ambulera pakhomo panga.

Ena onse ankayamba ndi sikelo.
Ankayang'ana nambala, n'kuyang'ana ine, n'kubwereranso ku nambala,
ngati ndawabera kanthu.
Wina anandimanga lamba woyezera magazi wosakwana mkono,
n'kuusa moyo ngati wolakwa ndi mkonowo.
Morven anatulutsa lamba wamkulu m'chikwama
osanenapo kanthu.
Anafunsa za chithunzi cha pakhoma:
ine ndili mnyamata, pamwamba pa chimakina chokweza zitsulo
m'mbali mwa mtsinje wa Clyde.
Kenako anafunsa za Elspeth.

Ndinamuuza zimene dokotala sanamvepo:
kuti chimuikireni m'manda ndimadya usiku,
choimirira, m'kuwala kwa firiji,
chifukwa tebulo lili ndi mipando iwiri.
Sanathamangire kulemba. Anayamba wamva.

Amafunditsa manja pa kapu ya tiyi
asanandikhudze.
Khungu la pamimba amalikweza mwaulemu,
monga munthu wotsegula kalata ya mwini,
n'kutsuka m'mapindo momwe thukuta limabisala,
kuumitsa, kupaka mafuta,
uku akusimba za galu wake wodya masokosi.
Chilonda cha pamwendo chikuuma, akutero,
chatsala ngati kandalama kachitsulo.
Mukugona bwanji, a Lachlan? Chopumira chija mukuvala?
Mapiritsi achikasuwa sakukupatsani chizungulire?
Ya gasi ikukwana? Mwana wanu wa ku Paisley waimba?
Ine ndimati, zimenezinso n'za unamwino?
Iye amati, munthu si mimba yokha.

Masabata ena ndimamunamiza.
Amaona mapepala a tchipisi m'bini,
ine ndimaona kuti waona.
Sakalipa. Amangoti, linali tsiku lanji?
Ndimati, lobadwa Elspeth.
Amati, eya,
n'kukhala pa mpando wachiwiri uja
mphindi zisanu zimene alibe.

Mwezi wathawu tinatsika masitepe khumi ndi awiri,
ine ndikupuma ngati mvukuto,
iye patsogolo panga, chafutambuyo,
akuwerenga mokweza.
Lero akuti tiwonjezera anayi.
Akuti pamenepo pali zenera,
ndipo mtsinje umaoneka,
ndi chimakina chimodzi chotsala,
ntchito chinaleka kalekale, koma chili chiimire.

Sikelo ilipo, kunsi kwa bedi.
Tidzaikwera Lachinayi lina, akutero,
ndikadzanena ndine.
Pakadali pano ndikusaka nsapato yakumanzere
ndi phazi, poti maso safikako,
koma iye wagwada kale pa kapeti,
tsitsi likudonthabe mvula,
akumanga chingwe kawiri
kuti chisamasuke panjira.