Njira ya ku Michiru, Mvula Itatsanzika

Mvula yatsanzika sabata yathayi.
Udzu wayamba kufiira kunsonga,
chisoso chikumata m'masokosi,
ndipo mwana wanga Ndaziona ali patsogolo
ndi magalasi oonera patali obwereka kusukulu,
diso limodzi long'aluka, lomangidwa ndi mphira.

Tanyamuka ku Chilomoni
maminibasi asanayambe kulimbirana anthu.
Iye watenga kope ndi pensulo.
Ine ndatenga chifuwa changa chakale.

"Bambo, iyo yakuda kumutu, yachikasu kunsi kwa mchira?"
Pumbwa, ndikutero osakweza n'komwe maso,
wakuba mapapaya, wolongolola m'mawa.
Akulemba, lilime lili panja.

Panthambi youma pali nthengu,
wakuda bii, mchira wa mphanda,
kamunthu kochepa koma kandewu:
taona akuthamangitsa khwangwala
amene wavala kolala yoyera ngati wopita kukalalikira
pomwe akuchokera kudzala la kumsika.

M'bulugamu njiwa ikubwereza dandaulo lake
lomwe lija la chaka chatha.
Mpheta zagwera m'munda wa munthu,
mapesi ali gwaa, mwini wake sanakolole.
Timba sitinamuone.
Tangomva udzu ukutukwana.

Pamtsinje wa Likhubula madzi achepa,
miyala yatulutsa misana.
Nantchengwa waima mwendo m'matope,
mutu ngati hamala ya kalipentala,
akudikira chule wopanda mwayi.
"Munaziphunzira kuti zonsezi?"

Ndikukhosomola kuti ndipeze nthawi.

Sukulu yanga inali legeni, mwanawe,
ulimbo wopaka pakamtengo,
miyala yosalala ya mumtsinje womwewu.
Pumbwa ndimamudziwa kulemera kwake
m'thumba la kabudula, akadali wofunda.
Njiwa ndimaidziwa fungo la nthenga pamoto
ndi kamchere kobedwa kukhitchini.
Mtima wa mpheta ndinaumva ukugunda pachala changa,
kugunda, kugunda,
kenako zii.
Izi sindikunena.
Ndikuti, "Tinkangoyenda m'tchire."

Pamawaya a magetsi anamzeze andanda
ngati anthu a padepoti, katundu ali m'manja.
Aphunzitsi ake akuti ena mwa iwo
anyamuka masiku omwewa, kuoloka nyanja zikuluzikulu,
osabwera mpaka mabingu a Novembala.
Awa sindinawalasepo.
Osati chifundo ayi, liwiro.

Kenako akundipatsa magalasi aja.
Ndikutsinzina diso la kong'aluka,
phiri likundilumphira kumaso,
masamba, thambo, masamba,
mpaka kambalame kena pamtengo wa mthethe,
kobiriwira pakhosi ngati botolo lothiridwa dzuwa,
kakupukuta mlomo panthambi, uku ndi uku.
Zaka makumi asanu ndi zinayi,
ndipo lero ndi pomwe ndaona pafupi chonchi
diso la mbalame
likuphethira.

Dzanja langa lamanja lafufuza m'thumba lokha.
Lapeza makiyi ndi tikiti yakale.

"Imeneyo ndi chiyani, bambo?"
Pensulo yaima pamwamba pa mzere wa khumi ndi chimodzi.
Ndikufunsa lilime langa, silikukumbuka kukoma kwake.
Ndikufunsa chikhatho, sichinainyamulepo.

Sindiidziwa, ndikutero.

Akuseka, akusiya mzerewo wopanda kanthu,
akulemba tsiku ndi malo pambali pake.
Kambalame kauluka kulowera kuphiri.
Tikutsika, mphepo ya chisanu yayamba kununkhira,
iye akuwerenga mayina khumi mokweza,
ine ndikuthothola chisoso m'masokosi,
kamodzikamodzi.