Kabotolo Nambala 31

Ine ndine wa makiyi.
Ndimatsegula labotale ya sekondale ya ku Ulongwe
chisanu chisanachoke pa malata,
ndimasesa, ndimatsuka timagalasi,
ndipo dzina langa silili pa satifiketi.
Sindikudandaula. Ndikungonena.

Anali atatu:
Ermelinda wa manja osanjenjemera,
Zeferino wachibwibwi, amene pa manambala sachita chibwibwi,
ndi Graciete, wamng'ono pa onse, wolongolola kuposa onse.
Loweruka lililonse ankatsikira ku Mawe
atavala majumbo kumanja m'malo mwa magolovesi,
kukatola nkhono m'bango.
Amayi ochapa ankafa nazo kuseka:
ana inu, ndiwo zavuta chotere kwanu?

Kenaka kunabwera timabotolo zana,
mkodzo wa ana a ku pulaimale,
topanda dzina, nambala yokha.
Ine ndinatseka mphuno. Iwo anatsegula makope.

Maikulosikopu yathu ndi yakale kuposa aphunzitsi a Chikalipo.
Ilibe babu, imachita kupempha kuwala ndi kagalasi,
choncho ankainyamula kutsata dzuwa,
zenera ili m'mawa, zenera ilo madzulo,
ngati munthu woyanika mphale.

Tsiku lina Ermelinda anandikodola:
Bambo Bulande, tabwerani mudzaone.
Ndinatsinzina diso limodzi, ndinayamba ndaona nsidze zanga,
kenaka ndinaliona,
dzira, longa njere ya nkhaka,
lili ndi kamunga kumapeto.
Lina. Linanso. Ndinaleka kuwerenga.
Likodzo limenelo, anatero.
Ndinayang'ana kabotolo. Nambala 31.
Chivindikiro chake chinali chotafunidwa m'mbali,
ndipo mwana wotafuna chilichonse,
pensulo, kolala ya malaya, chingwe cha chikwama,
ndimagona naye nyumba imodzi.

Kangati Abilio anandinong'oneza kuti akukodza zofiira?
Ine ndinkangomusisita pamutu:
ukukula, mwanawe, nanenso ndinadutsamo,
umuna umayamba choncho.
Atate anga anandiuza zomwezo,
iwonso anazimva kwa atate awo.
Madzulo amenewo ndinamubereka ngati khanda mpaka kuchipatala,
iye akufa ndi manyazi, miyendo ili lendelende.
Mapilitsi awiri ndi theka. Basi.
Chaka chathunthu cha magazi, mapilitsi awiri ndi theka.

Ku Tete sindinapite nawo, m'galimoto munalibe malo.
Ndinangomva kwa Graciete, katatu, mosiyanasiyana:
kuti atatsika mapiri majuzi anasanduka katundu,
kuti pa Moatize fumbi la malasha linadetsa zojambula zawo
mpaka anazipukuta ndi chitenje cha aphunzitsi,
kuti pa mlatho Zeferino anatsinzina kuopa Zambezi,
koma ataima pamaso pa oweruza lilime linamasuka:
mwa ana zana, makumi anayi ndi awiri ali nawo,
mwa madooko atatu, loipitsitsa
ndi lija la pansi pa mkuyu, pamene anyamata amadumphira.
Akuti dokotala wina wa imvi anavula magalasi
n'kufunsa kuti, nkhonozo munatola ndi chiyani?
Atamva za majumbo sanaseke. Analemba.

Anabwerako ndi chikho, thumba la masawu,
ndi bokosi lolemera: maikulosikopu ya babu.
Sukulu yonse inathamangira kugeti,
akuluakulu a boma anajambulitsa nawo,
ngakhale amayi ochapa aja anabwera kudzalulutira.
Chikho chili mu ofesi ya ahedi.
Ndimachipukuta Lolemba lililonse,
ndimadziona m'menemo, mphuno yaikulu, mutu waung'ono.

Yakale ija anati ndikaitsekere m'kabati.
Sindinatero. Ikadali pazenera lomwe lija.
Dzulo ndinapeza Abilio atagwada pampando,
akutembenuza kagalasi kusaka dzuwa,
dontho la madzi a m'chitsime chathu lili pansi pa diso lake,
pensulo ili m'kamwa.
Ababa, musatseke kaye, anatero, osacheuka.

Ndinabweza makiyi m'thumba
n'kukhala pa ndowa.