Maluwa a Lachinayi

Anafika m'bandakucha, galimoto zitatu za apolisi,
belu la m'kachisi lisanalire kachiwiri.
Ine ndinali pachipata, singano m'manja,
ndikutunga maluwa achikasu pa ulusi
monga ndachitira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
muno mu Nashik, m'mbali mwa Godavari.
Swami Dhruvanath anatuluka wopanda nsapato,
nsalu yake yofiirira ili makwinya okhaokha,
unyolo uli pamkono pomwe pamakhala mikanda yopempherera.
Sanayang'ane munthu. Maso anali pa fumbi.

Pofika masana, pogulitsira tiyi pa Bhalerao,
mkangano unali utawira kuposa mkaka.
Mwamuna wanga Dattu, mitsempha itatupa m'khosi:
"Ndale izi! Chisankho chayandikira!
Ndani anadyetsa tauni yonse chaka cha madzi osefukira?
Ndani analipira opaleshoni ya diso la amayi?
Munthu wosiya nyumba, wosiya dzina lake lomwe,
angabe munda wa mayi wamasiye? Akauike kuti?"

Kusum, mng'ono wanga, mphunzitsi wa masamu,
anaika kapu pansi mosapupuluma.
"Pa dzina la mphwake, alamu. Mapepala alipo.
Maekala asanu ndi awiri, ndi chidindo cha chala
cha munthu wosadziwa kuwerenga.
Amati khoswe akakhala pamkhate sapheka,
koma mkhatewo ndi wathu.
Kapena mpunga anatipatsa chaka chija
unagula pakamwa pathu mpaka kumanda?"

Sampat woyendetsa likisho anaseka chikhakhali:
"Nanga mabwana ankagwada pamapazi ake aja,
magalimoto awo atatseka msewu wonse,
mbandakucha wawo ubwera liti?"
Bambo Joshi, amene amasamalira nyali za m'kachisi,
anangoti, "Wamangidwa ndi munthu.
Nyali ine ndiyatsa madzulo ano."
Palibe anawamva. Wina anamenya tebulo,
tiyi anatayikira pa nyuzipepala,
nkhope ya Swami inanyowa, nkuda.

Za munda ankakuwa.
Za mlandu wachiwiri ankangoti "zinazo,"
maso nkugwera m'makapu.

Ine zinazo ndikuzidziwa dzina lake.
Ndi Vaishali, mwana wa mtelala,
ankasesa chipinda cham'kati Lachinayi lililonse.
Tsiku lina nyengo ya mvula anatuluka dzuwa lisanatuluke,
tsitsi litamasuka, chibangili chimodzi chitasweka,
anaima patsogolo pa dengu langa
ngati akufuna kugula,
milomo ikuyenda, mawu osatuluka.
Ine ndinati, "Maluwa awiri, ma rupi khumi."
Ndinatero ndithu.
Ndinali ndi ana atatu ndi malo abwino pachipata.

Usiku uno Dattu wafunsa, "Iwe bwanji wangoti duu?
Suja unkanena kuti mthunzi wake unachiza mwana wathu?"
Ndinanenadi, ndipo mwanayo anachira,
ali ku Pune lero, akukonza mafoni.
Zonse ziwiri ndikuzisenza pamutu umodzi,
khosi ndilo likudziwa.

Nkhata makumi anayi zafota m'dengu,
palibe wagula, palibe wozivala.
Ndazitsitsa pamakwerero a kumtsinje,
ndaziponya imodzi imodzi,
madzi atenga osafunsa kuti zinali za yani.
Kumtunda nyali ya bambo Joshi yayaka
pa nthawi yake.

Wapolisi wamkazi uja anasiya kapepala pachipata:
amene anaona kanthu abwere Lolemba.
Ndakapinda kanayi, kali m'chitini cha singano.
Mlandu suwola, amatero.
Maluwa ndiwo amaola, ndawaona lero.
Dattu akuliza mkonono, nkhope kukhoma.
Basi ya kukhoti imanyamuka seveni koloko,
ndalama yake ndi ya nkhata ziwiri ndi theka,
ndipo ine sindinasankhebe nsalu yovala.