Nyumba Yachisanu ndi Chiwiri

Anamulangiza Ximena kuti aziwerenga nyumba:
adumphe zisanu ndi imodzi, agogode yotsatirayo.
Ku Valparaíso nyumba zimaberekana pamsana kukwera phiri,
masitepe zana ndi makumi anayi,
mawondo akuwerenga nawo.

Chitseko chobiriwira. Galu wa diso limodzi.
Eleuterio Barría, amene anasenza matumba padoko
mpaka msana unakana.

"Mafunso khumi ndi awiri okha, bambo.
Dzikoli likulowera kwabwino kapena kolakwika?"

Mkuluyo akuloza nyanja ndi chibwano.
"Mukuziona sitima zija?
Kale tinkazitsitsa katundu tili mazana atatu.
Lero ndi makina, ndi mnyamata mmodzi m'kachipinda ka magalasi."
"Ndiye ndilembe kolakwika?"
"Mnyamatayo ndi mdzukulu wanga. Amalandira bwino."

Pa tabuleti pali timabokosi tisanu.
Palibe kabokosi ka mdzukulu.

"Chisankho chikanakhala mawa, mukanasankha yani?"

Akuseka, mano atatu.
Bambo ake ankavotera kumanzere
chifukwa cha nthiti zimene zinathyoka pa sitiraka
iye asanabadwe, ndipo anazitengera nthitizo ngati dzina.
Fresia, mkazi wake, ankavotera kumanja
chifukwa cha wansembe wina amene anawapatsa bulangete
chaka cha chivomezi.
Zaka makumi anayi ankatsetsereka phirili atagwirana manja,
atavala za Lamulungu,
kukafafanizana.

"Anandisiya m'nyengo yozizira.
Tsopano voti yanga ilibe woifafaniza.
Ndikuiopa."

Kukhitchini mpongozi akufuula kuti mulembe zakuba,
akuba achuluka, waona pafoni,
ngakhale mumsewu uno chinabedwapo ndi mpando umodzi.
Wailesi nayo ikulalata pawindo.
Botolo la gasi, lopanda kanthu, lili phee pakhomo,
ndipo ndilo likuyankhula mokweza kuposa onse.

Ximena akudina: sakudziwa.
"Ayi, mwanawe, ndikudziwa zambiri.
Vuto lake ndi lomwelo."

Usiku ku Santiago, muofesi yopanda galu,
makina apeza kuti nkhalamba zachepa pamndandanda.
Achulukitsa Eleuterio.
Wasanduka amuna zikwi khumi ndi ziwiri,
onse amasiye, onse osadziwa.

Lolemba pa kanema mizere yaima ngati ana pamzere wa sukulu:
uyu makumi anayi ndi mmodzi, uyu makumi atatu ndi asanu ndi atatu,
pansi timalemba tating'ono:
tikhoza kulakwitsa ndi atatu pa zana.
Amuna a mataye akumasulira mtima wa dziko
ngati anagonamo.

M'nyumba yachisanu ndi chimodzi, imene inadumphidwa,
mayi Uberlinda anali ndi yankho lokonzeka kuyambira chaka chatha.
Palibe anagogoda.
Akuyang'ana mzere wautaliwo, akuyang'ananso waufupi,
akuti, "Kaya, mwina anthu akudziwa chimene ine sindikudziwa,"
ndipo yankho lake likusuntha pang'ono,
ngati mbale pashelefu nthaka ikagwedezeka.

Ximena watsika phiri lina, nsapato zili m'manja.
Wafunsa anthu zikwi zitatu chiyambire ntchitoyi.
Iye sanafunsidwepo,
ndipo m'basi akudziyesa yekha, funso loyamba,
chala chili m'malere pamwamba pa timabokosi
mpaka kupitirira potsikira pake.