Mapu a pa Tebulo Lachitsulo

Magetsi atazima ku Mayfair
ine ndi Soilihi tinasiya mapoto m'sinki
n'kukhala pa makreti kuseri kwa khitchini ya bwana Farouk.
Ndinamufunsa kuti kwanu n'kuti kwenikweni,
poti apolisi akatiimika pa Bree
amatiika m'thumba limodzi,
anthu a mapepala otha masiku.

Anaviika chala m'beseni
n'kudontheza madontho anayi pa tebulo lachitsulo.
Atatuwa ndi athu, anatero,
lachinayili timati lathunso
koma linatsalira m'thumba la jekete ya Mfalansa.
Chala chinaima pa dontho lalikulu: Ngazidja.
Pano pali phiri losuta, Karthala.
Likatsokomola, phulusa limagwera m'mathanki a simenti
momwe amayi amasungira mvula,
chifukwa mtsinje wosaphwa kwathu kulibe,
mwala wakuda umamwa zonse
ngati chidakwa tsiku lamalipiro.

Ine wa ku Bembeke, wokulira m'nkhungu ndi m'mizere ya mbatatesi,
sindinamvetse.
Madzi mbali zonse, inu n'kumafa ludzu?
Iye anaseka:
Nanga Joni uyu, golide pansi pa mapazi ako,
wadya chiyani chikuchereni?

Za ndale anazinena motsitsa mawu,
ngati makoma a kuno amadziwa njira ya ku Moroni.
Akuti anapangana kuti mpando uzizungulira zilumba
monga chikho cha thobwa pa dima,
koma chikho chikafika pamlomo
dzanja limaiwala mnzake wapambali.
Bambo ake ankadziwa kuti boma lagwa
wailesi ikadzuka ndi malipenga a asilikali.
Ankangoitseka, n'kutenga dengu
kukathyola maluwa achikasu mame asanakamuke,
maluwa omwe mafuta ake
amanunkhira pakhosi pa madona a ku Sandton,
kabotolo kamodzi lendi yathu ya miyezi iwiri.

Ndalama amasunga m'sokosi.
Kwawo mwamuna, kaya imvi zili mbuu,
sayankhula pabwalo la akulu
asanachititse ukwati waukulu, wa golide ndi ng'ombe.
Zaka khumi ndi chimodzi akupala mafuta m'mapoto a eni ake
kuti akagule chilolezo chotsegulira pakamwa.

Kenaka anatchula kwasakwasa.
Ine phwete kuseka, n'kudzuka pa kreti,
chiuno gwede gwede ngati pa ukwati wa ku Biwi.
Iye sanaseke.
Kwathu ndi kabwato, anatero,
kofuna anthu asanu ndi atatu, kosenza makumi anayi,
kowoloka usiku nyali itazimitsidwa
kuchoka dontho ili kupita ilo la Mfalansa
komwe chipatala chili ndi mankhwala.
Mlongo wanga Zalhata anakwera ali ndi pakati.
Chala chinayenda pa chitsulo chouma
pakati pa madontho awiri,
mtunda wosakwana chikhatho,
ndipo chinaima chisanafike.

Ndinakhala pansi.
Kunja ma takisi ankalizirana mahutala
pa maloboti akufa.
Ndinakumbuka Limpopo, madzi m'khosi,
chikwama pamutu, Malizani kumbuyo kwanga
mpaka pamene sanalinso kumbuyo kwanga.
Sindinamuuze.
Mlendo sapikisana ndi mnzake pa maliro.

Magetsi anabwera mwadzidzidzi,
mafiriji n'kuyamba kubuula, fani n'kuzungulira.
Mwali, kachilumba kakang'ono, kanayamba kuuma m'mbali.
Bwana Farouk anasuzumira pakhomo:
Tebulo lanyowa bwanji, makasitomala akudikira!

Soilihi anabwerera ku mapoto ake.
Ine ndinatenga kansanza
ndipo ndinapukuta mosamala, mozungulira,
nyanja yokhayokha.